Belu Linalira Kawiri

Dzina loti Sachedwa sanachite kubadwa nalo ayi. Anamupatsa ndi madalaivala anzake, chifukwa mkuluyu ngakhale tiyi ankamwa ali chiimire, phazi limodzi lili kale pa sitepe ya galimoto. Zaka zisanu ndi zinayi anakhala akuyendetsa chilole chachikasu chonyamula alendo odzaona nyama zakutchire. Unali ulendo wa masabata atatuatatu, kugona m'matenti, lero nkhalango, mawa mapiri, mkuja mtsinje. Pa zaka zonsezo sanafikepo pachipata cha nkhalango chitatsekedwa, ndipo nkhani imeneyi ankauza aliyense, wofunsa ndi wosafunsa yemwe.

Antchito pa loleyo analipo atatu. Sachedwa anali pachiwongolero. Wotsogolera alendo anali mtsikana wochangamuka amene ankamutchula kuti Kabuku, poti sankasiyana ndi kabuku ka mayina a alendo. Wachitatu anali wophika, Khuki, mchimwene wa mkazi wa Sachedwa, bambo wathupi, wodekha moti mtima umachita kukuwawa ukamamuonerera akusenda anyezi. Ntchitoyi anamupezera ndi Sachedwa yemweyo, mkazi wake atamuumiriza, ndipo ulendo uliwonse mayiyo ankawaperekeza ndi mawu amodzimodzi: "Achimwenewo muziwayang'anira, mukudziwa miyendo yawo."

Lole yoteroyi imakhala ndi zipinda ziwiri zosaonana. Kutsogolo kumakhala dalaivala ndi mpando umodzi wapadera, umene unali wa Khuki. Kumbuyo kuli chibokosi chachikulu cha mawindo mmene mumakhala alendo ndi wowatsogolera. Chowalumikiza ndi belu basi. Lamulo lake n'losavuta: lole ikaima paliponse, Kabuku amawerenga alendo pokwera, akakwana amaliza belu kawiri, ndipo dalaivala amanyamuka osacheuka. Ulendo umenewu alendo analipo khumi ndi anayi.

Tsikulo linayamba ndi mkangano. Anayenera kudutsa nkhalango yonse ya nyama n'kukafika kumtsinje isanakwane wani koloko, chifukwa alendo anali atalembetsa zokapalasa mabwato a mphira pamathithi, ndipo eni mabwato sadikira munthu. Matenti anali atapindidwa, injini ikulira, koma Khuki anali chiimire pafupi ndi beseni, mbale ziwiri kumanja, akuzikupiza m'mwamba kuti ziume. Pa maulendo otere mbale sapukuta ndi nsalu, kuopa kupatsirana matenda a m'mimba.

"Alamu, mbalezo zikaumira m'bokosi!" anakuwa Sachedwa.

"Zikanunkha," anayankha Khuki osatembenuka n'komwe.

"Ndiye tigone pompano chifukwa cha mbale? Inu ndi amene mumatichedwetsa tsiku lililonse. Pakanapanda chemwali wanuyo, ine ndikanatenga munthu wa miyendo."

Mawuwa anatuluka alendo awiri akumva, ndipo ngakhale chilankhulo sankachidziwa, nkhope ya Khuki anaiwerenga. Iye analongedza mbale zake mwakachetechete, n'kukhoma mabokosi a chakudya a m'mbali mwa lole, n'kubwezera kiyi wake pa chingwe cha m'khosi.

"Lero ndikhala kumbuyo, alamu," anatero. "Kutsogoloko kuli moto."

Anakhaladi kumbuyo, pampando womalizira, pakati pa zikwama. Kabuku anamuona, anaseka, ndipo anaganiza kuti mkwiyo wa pachilamu sufika masana: akakangoima koyamba abwerera kumpando wake.

M'nkhalangomo nyama zinachita ngati zapangana. Mbidzi zinadzaza msewu. Akadyamsonga atatu anaima n'kumayang'ana lole ngati ndi iwo alipira kudzaona anthu. Nyama iliyonse belu linkalira kamodzi, kutanthauza imani, ndipo Sachedwa ankaima akukukuta mano, chala chikugogoda chiwongolero, maso ali pa wotchi. Njiri nayonso ankaiimira! Kanyama konyansa ngati kameneko, anthu n'kuwoloka nyanja kudzakajambula.

Cha m'ma teni anaima pamalo okhawo amene amaloleza kutsika, pabwalo lopalidwa pamene panali nsanja yachitsulo ya thanki yakale ya madzi. Chimbudzi chake chinagwa kalekale, choncho anthu ankapita kuseri kwa zitsamba, amayi uku abambo uko. Mwa chizolowezi Khuki ndiye ankaima m'mphepete mwa tchire kuyang'ana ngati kukubwera chilombo, ndipo alendo onse akatha m'pamene iye ankapita pomalizira. Sachedwa sanatsike. Injini sanazimitse. Anangomva zitseko, mapazi pa makwerero, kenako belu. Kawiri. Anaponya giya n'kunyamuka, fumbi kobo kumbuyo.

Anafika kumtsinje kutatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane wani koloko. Sachedwa anatsika akumwetulira yekha, n'kumenya ndi chikhatho m'mbali mwa lole.

"Alamu! Tsitsani matebulo, adye msanga anthuwa. Bweretsani kiyi!"

Anatsika alendo, mmodzimmodzi, akudzola mafuta oteteza dzuwa. Pomalizira anatsika Kabuku.

"Kiyi ali ndi a Khuki," anatero. "Adzutseni kutsogoloko."

"Kutsogolo kuti? Si muli nawo kumbuyoko?"

"Ayi, pathanki paja sanakwere kwathu. Ndimayesa mwagwirizana, abwerera kumpando wawo."

Anayang'anana.

"Achemwali, inu simunawerenge?"

"Ndinawerenga! Khumi ndi anayi, onse anakwana." Anatsegula kabuku kake, ngati kuti Khuki apezeka m'menemo. "Mayina ndi awa. Ife antchito sitilembedwa umu, achimwene. Sitinayambe tawerengedwapo."

Zinali zoona, ndipo Sachedwa anasowa pomugwira. Anathamangira kutsogolo kuti aimbe foni, koma foni ya Khuki inali pomwepo pa mpando, ili pa chaja kuyambira dzulo. Panali patapita maola awiri ndi theka chimusiyireni. Munthu wa miyendo yotupa, wopanda ngakhale botolo la madzi, pamalo pamene iwo eni ankauza alendo kuti asatalikire masitepe khumi.

"Atengeni anthuwa akakwere mabwato awo," anatero. "Chakudya mugule pa lesitilanti ya eni mabwatowo."

Sanadikire yankho. Anatembenuza chilole chopanda anthu n'kuchiponda moto.

Pachipata cha nkhalango mlonda anatuluka pang'onopang'ono, akukoka buku lake lalikulu. Sachedwa anafotokoza mofulumira. Mlonda anayendetsa chala pa tsamba.

"Koma apa zikuoneka kuti munatuluka bwinobwino. Galimoto imodzi, alendo khumi ndi anayi. Mwalowa khumi ndi anayi, mwatuluka khumi ndi anayi."

"Si mlendo, bwana. Ndi mlamu wanga. Wophika."

"Oo, wantchito." Mlonda anakanda m'mutu ndi cholembera. Anayesa wailesi yake yolankhulirana, koma galimoto ya asilikali a nkhalango inali mbali ina kutali. Anakweza chitsulo cha pachipata. "Pitani. Koma musathamange, malamulo mukuwadziwa."

Anathamanga. Msewu unali wa mabampu okhaokha, mipando kumbuyo ikulira, mapoto akugundana m'mabokosi okhoma aja. M'mutu mwake munkangobwera nkhope ya mkazi wake. Akayamba bwanji? Kuti achimwene anu ndinawaiwala? Munthu amaiwala chipewa, amaiwala jeke pamsewu. Anakumbukiranso mawu a m'mawa aja, akuti munthu wa miyendo, ndipo anachita manyazi oti sanawamvepo chibadwire.

Atakhota pa mtsinje wouma anaponda buleki mwadzidzidzi. Njovu. Zinali zoposa khumi, zazikulu ndi ana omwe, zitaima pakati pa msewu n'kumathyola nthambi mosafulumira. Yaikazi yaikulu inatembenuka, n'kutambasula makutu. Sachedwa ankadziwa bwino zoyenera kuchita, poti ankaphunzitsa ndi iye madalaivala atsopano: hutala usaimbe, injini uzimitse, udikire. Anazimitsa. Kunja kunangoti zii, kupatula kuthyoka kwa nthambi ndi kulira kwa m'mimba mwa njovu.

Anadikira. Anatsegula windo, anatseka, anatsegulanso. Mwana wa njovu anagona pansi pakati penipeni pa msewu n'kumadzithira fumbi. Tsiku lina alendo akanalira ndi chimwemwe poona zimenezi, koma Sachedwa anangogwira mutu n'kumanong'ona, "Chonde amayi, chonde, tengani mwana wanuyo." Thukuta linayenderera mpaka mu nsapato. Zinatenga mphindi makumi anayi kuti yomalizira ilowe m'tchire, ikugwedeza mchira ngati palibe chimene yalakwa.

Dzuwa linali litapendeka pamene anaona nsanja ya thanki patali. Pabwalo paja panali pakuda bii. Njati, gulu lonse, zina zitagona, zina zikubzikula, mbalame zikudumphadumpha pamisana pawo. Munthu sanaoneke. M'mphepete mwa msewu munali nsapato imodzi yapulasitiki, yoyera, ya kukhitchini, itapondedwa n'kulowa m'dothi.

Sachedwa anayendetsa lole pang'onopang'ono, njati zikudzuka monyinyirika n'kumapatuka, zikumuyang'ana ndi maso ofiira. Kenako anakweza maso. Pamwamba pa nsanja, pa kathabwa kopapatiza m'mbali mwa thanki, panakhala Khuki, atakumbatira chitsulo, epuloni ataifunda kumutu. Mmene anakwerera pamenepo ndi miyendo imene ija, makwerero ake osowa masitepe atatu apansi, akudziwa ndi Mulungu yekha.

"Alamu! Musatsike! Ndikubwera pomwepo!"

Anabweza lole chambuyo mpaka denga lake linafika pansi pa kathabwako. Anatulukira pa windo, n'kukwera padenga, n'kutambasula manja. Khuki anayesa kusiya chitsulo chija koma zala zinakana, zinali zitauma. Anachita kuzitsegula Sachedwa chimodzichimodzi. Chitsulocho chinali chotentha ngati chiwaya, ndipo m'manja mwa Khuki munali matuza. Anatsetsereka onse awiri mpaka kulowa kutsogolo, n'kutseka chitseko.

Khuki anamwa botolo lonse la madzi osapumira. Milomo inali itang'ambika. Anakhala pampando wake uja, phazi limodzi lopanda nsapato, akuyang'ana njati pagalasi. Sachedwa analiza injini n'kuyamba kulankhula zambirimbiri, za Kabuku, za mlonda, za njovu zija, kuti akanafika kale pakanapanda njovu.

"Ndinakuthamangirani," anatero Khuki motsitsa. "Ndinakuwa. Ndinkaona nkhope yanu pagalasi la m'mbali, koma inu maso anali kutsogolo."

"Belu linalira kawiri, alamu."

"Ndinalimva. Ndinali kuseri kwa chitsamba, lamba ali m'manja." Anaseka pang'ono, kuseka kosaonetsa mano. "Poyamba ndinkati mukundiopseza chabe chifukwa cha mbale zija, muima pakhonapo. Kenako ndinati akafika pa mtsinje wouma azindikira. Kenako ndinasiya kuwerenga makhona, poti anzangawa anali atafika."

Sachedwa anali atagwira giya koma sanaiponye.

"Mwazindikira nthawi yanji kuti ine palibe?" anafunsa Khuki.

Bodza linali pafupi, lokonzeka kale pa lilime: pachipata, titangotuluka. Koma Kabuku akanadzanena zoona, ndipo ngakhale akanapanda kunena, munthu amene wakhala maola asanu padzuwa sumupatsanso bodza.

"Kumtsinje."

"Nthawi ya chakudya."

"Eya."

Khuki anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva zimene ankayembekezera. Anapisa dzanja m'malaya, navula chingwe cha m'khosi movutikira chifukwa cha matuza aja, n'kuika kiyi pa bondo la Sachedwa.

"Nayu amene mwabwerera. Buledi ali m'bokosi lachiwiri, mazira ndinawiritsa kale."

Sachedwa anayang'ana kiyiyo. Anafuna kulumbira kuti si choncho, kuti njira yonse ankaganiza za munthu osati za mabokosi. Koma mawu oyamba amene anakuwa kumtsinje kuja ankawakumbuka bwino lomwe, ndipo anali a matebulo ndi kiyi. Anatenga chingwecho n'kuchibwezera m'khosi mwa mlamu wake, kenako anatambasula dzanja n'kuzimitsa injini.

"Mukutani?" anafunsa Khuki. "Chipata atseka sikisi. Alendo akudikira."

"Adikire."

"Inuyo, Sachedwa?"

"Vulani nsapato inayo, alamu, ndione mapaziwo."

Khuki anawerama, akubuula, n'kuyamba kuvula.