Dzanja la Wometa

Mankhwala amene adokotala analembera wometa anali odula koopsa. Mkazi wake, amene anthu a mumsewumo ankamutchula kuti mayi Wasimbi chifukwa ankasita zovala za anthu, anakamva mtengo wake kufamase. Kabokosi ka mwezi umodzi kankapikisana ndi lendi ya nyumba. Anagula ndithu.

Vuto la mwamuna wake linali mtima. Unkagunda mosalongosoka: pena kuthamanga, pena kuima ngati waiwala ntchito, kenaka kuyambanso phaphapha. Adokotala anafotokoza kuti mumtima wotere magazi amatha kuundana, ndipo kachidutswa ka magazi oundanawo kakapita ku ubongo n'kutseka mtsempha, munthu amadwala sitiroko, matenda opha ziwalo aja. Mapilisiwo anali oletsa magazi kuundana, ndipo anali omwa tsiku lililonse.

Kunena zoona, tsiku lolemba mankhwalawo adokotala anali atafunsa. "Awa ndi mankhwala atsopano, koma mtengo wake ndi wokwera. Muzikwanitsa?"

Tsono wometa anali munthu wokonda kutchena. Kuchipatalako anapita atavala jekete, nsapato zikuwala, malaya ositidwa ndi katswiri wa panyumba pake pomwe. Munthu wooneka choncho anganene bwanji kuti m'thumba muli mbee?

"Palibe vuto, adokotala," anayankha osaphethira n'komwe. Mayi Wasimbi anali pomwepo, koma anangoyang'ana pansi.

Kabokosi kachiwiri kasanathe, wometa anatulukira nzeru zake.

"Amayi, ine ndaona. Ndikamwa, mtima ukudumphabe. Ndikapanda kumwa, chimodzimodzi. Nanga tizitayiranji ndalama? Ndizimwa tsiku lokhalo limene wandivuta kwambiri."

"Koma bambo, adokotala aja anati tsiku lililonse."

"Adokotalawo satilipirira lendi."

Mayi Wasimbi sanatsutsenso, ndipo pansi pa mtima anamva kupepukidwa. Kabokosi kaja kanayamba kukhalitsa pashelefu, ndipo mwini nyumba anasiya kuwayang'ana ndi diso lofiira.

Kuseri kwa khoma lawo kunkakhala a dalaivala, amene kale ankayendetsa basi ya maulendo aatali ndipo akaseka mdadada wonse unkamva. Tsopano anali chigonere, mbali imodzi yakufa, pakamwa popotoka. Wometa ankapita kukawameta ndevu kwaulere, ndipo pobwera ankapukusa mutu n'kuti, "Koma abale, dziko ili." Sizinamufikepo m'mutu zofunsa kuti matendawo anayamba bwanji.

Tsiku lina m'mawa mayi Wasimbi anapititsa matawulo osita kumalo ometera a mwamuna wake. Kanali kachipinda kopanikiza: galasi long'aluka pakona, mpando umodzi wozungulira, benchi ya odikira, ndi wailesi yolira mokanda. Anamupeza akumeta ndevu za kasitomala wina wonenepa, kwinaku akukamba za mpira.

Mwadzidzidzi lumo linagwa pansi. Dzanja lamanja la wometa linangoti lende. Anafuna kulankhula, koma mawu anatuluka ophwanyikaphwanyika, ndipo mlomo wake unatsikira mbali imodzi. Mayi Wasimbi anaizindikira nkhope imeneyo. Inali nkhope ya a dalaivala.

"Bambo! Bambo inu!" anakuwa, matawulo ali mbwee pansi.

Anamukhazika pabenchi. Patapita kanthawi, pakamwa panawongoka ndipo zala zinayamba kugwedezeka.

"Ndi njala chabe, sindinadye m'mawa," anatero wometa, akutola lumo lija. "Khalani bwino, bwana, timalizitse."

Kasitomala uja anali ataimirira kale, thovu lili tsaya limodzi. "Ayi, akulu, mbali inayi ndikamaliza ndekha kunyumba."

Mayi Wasimbi anabwerera kunyumba. Simbi anaisiya yozizira, n'kukagogoda kwa mkazi wa a dalaivala. M'chipindamo munkamveka fungo la sopo losakanikirana ndi la mkodzo. Pamatiresi panali pulasitiki, pakona mpando wobooledwa pakati, ndipo pachingwe panali nsalu zonyowa zimene sizinkatha kuuma.

"Mwabwera bwino, achemwali, ndigwirireni miyendoyi tiwatembenuze," anatero mayi uja.

Ali m'kati mowatembenuza, mayi Wasimbi anafotokoza zonse: za lumo, za pakamwa, za mapilisi omwa modumphitsa. Mkazi wa a dalaivala anasiya pilo amene anali m'manja mwake.

"Ndiye mwawasiya kuti?"

"Kuntchito. Akuti zatha."

"Zatha? Awanso zinayamba choncho. Vuto la mtima lomwelo. Mapilisi atatha anati tidikire malipiro. Tsiku lina kapu inawapulumuka m'manja, kenaka anakhala bwino, tinachita kuseka. Sabata isanathe anagwa m'bafa." Analoza chipinda chonse ndi dzanja. "Taonani. Ntchito yawo inatha. Yanga ya m'sitolo ndinasiya, nanga awa ndiwasiyire ndani? Matewera, sopo, galimoto yopita nawo kuchipatala, zonsezo n'zogula. Tinkati mapilisi ndi odula, achemwali. Kudula kwenikweni ndakuonera muno."

A dalaivala anali akumva zonse. Anayamba kumenya matiresi ndi dzanja lawo lamoyo, maso ali pa mayi Wasimbi, khosi likulimbana ndi mawu.

"Pi... pi... tani."

Mayi Wasimbi anatuluka akulira, ndipo sanayende koma kuthamanga. Anapeza mwamuna wake akusesa tsitsi, tsache lili kudzanja lamanzere.

"Tsekani, tikupita kuchipatala."

"Amayi, nanga makasitomala?"

"Bambo, mukufuna ndizidzakumetani ndine mutagona papulasitiki? Tsekani!"

Chikwatiraneni anali asanamulankhulepo choncho. Wometa anayang'ana dzanja lake, kenaka anatenga loko.

Kuchipatala anamuyeza, n'kumujambula m'mutu. Adokotala atafunsa ngati ankamwa mapilisi mwandondomeko, wometa anayamba kukonza kolala ya malaya. Mkazi wake sanamudikire.

"Adokotala, tinakunamizani. Mankhwala aja sitingawakwanitse. Amamwa tsiku limene mtima wawavuta basi, ndipo ine ndinavomereza."

Adokotala anavula magalasi. "Mbewa ya manyazi inafera kuuna, bambo. Mukanandiuza tsiku lomwe lija. Mapilisi amenewa si oletsa mtima kudumpha, n'chifukwa chake mukamwa simumva kusintha kulikonse. Ntchito yake ndi kuletsa magazi kuundana, ndipo tsiku limene simunamwe, chitseko chimakhala chotsekula. Zimene zakuchitikirani lerozi ndi sitiroko yaing'ono. Nthawi zambiri imakhala kalambulabwalo wa yaikulu."

"Ndiye titani, poti ndalama zake tilibe?" anafunsa mayi Wasimbi.

"Alipo mankhwala ena akale, otsika mtengo kwambiri, ndipo kwa bambowa angathe kugwira ntchito. Koma ali ndi malamulo ake. Muzibwera kudzayezetsa magazi, poyamba pafupipafupi, kuti tione ngati mlingo uli bwino. Wochepa sukutetezani, wochuluka ungakutayitseni magazi. Musamwe mankhwala ena alionse, kaya asipulini kaya azitsamba, musanatifunse. Ndipo inu mumagwira malumo. Mukadzicheka magazi osaleka, kapena mukaona magazi m'mkodzo, thamangirani kuno."

"Nanga masiku oyezetsawo ntchito iziima?" anadandaula wometa.

"Iziima theka la tsiku," anayankha mkazi wake. "Ya a dalaivala inaima mpaka kalekale."

Sizinali zophweka. Ulendo wa kuchipatala unkafuna ndalama ya basi, mzere unkakhala wautali, ndipo wometa ankabwerako akung'ung'udza kuti amubaya ngati nsalu ya telala. Chala chake chaching'ono sichinabwererenso mwakale, chinatsala chadzanzi. Kasitomala wonenepa uja sanaonekenso. Koma mapilisi atsopanowa ankagulika osakhudza lendi, ndipo mayi Wasimbi anawaika pafupi ndi simbi yake, kuti madzulo alionse akamaizimitsa aziyamba waona mwamuna wake akumeza.

Nyengo yozizira itafika, a dalaivala anamwalira. Mkazi wawo anabwera pakhomo maso ali otupa.

"Alamu, mukawamete komaliza. Sankakonda kuoneka ndi ndevu pagulu."

Wometa anatenga lumo, burashi ndi sopo. Mayi Wasimbi anamutsatira atanyamula malaya oyera amene anawasitira malemuwo, ndipo anaima pakhomo la chipinda chija. Pulasitiki anali atachotsapo. Anaona mwamuna wake akupaka thovu pa nkhope yopotoka ija, akumeta pang'onopang'ono, tsaya lamoyo ndi tsaya lakufa lomwe, mpaka pansi pa chibwano. Misozi inkatsika, koma dzanja silinanjenjemere ngakhale pang'ono. Mayi Wasimbi anali ndi chisoni chachikulu, komanso anachita manyazi pozindikira kuti mumtima akuthokoza kuti mwamuna wake ndi amene wagwira lumo, osati amene wagona.

Atabwerera kunyumba, wometa anasamba m'manja, anatunga madzi m'kapu, n'kumwa pilisi lake popanda womukumbutsa.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ngati mtima wanu umagunda mosalongosoka ndipo anakulemberani mankhwala oletsa magazi kuundana, imwani tsiku lililonse, ngakhale mukupeza bwino. Akakukulirani mtengo, musadumphitse, musasiye, ndipo musachite manyazi: uzani adokotala, mufunse ngati alipo ena amene mungakwanitse. Pakamwa pakapotoka, dzanja likafooka, kapena mawu akasokonekera, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale zitaoneka ngati zatha. Mankhwala ndi odula, inde, koma sitiroko imadya nyumba yonse.