Chikwa Chotsiriza cha Oliver

Ofesi ya kafukufuku wa mbewu itatsekedwa m'chaka cha 1992, anzake a Oliver anatenga mipando ndi mababu. Iye anatenga mabotolo asanu a agulugufe a kapuchi, mbozi ija imaboola mapesi a chimanga, napita nawo kwawo ku Kalingalinga.

Agulugufewo anali a Dokotala Mwewa, bwana wake wa zaka khumi ndi ziwiri, amene anamwalira kalata ya pa fakisi yotseka ofesi isanafike. Adokotalawo anamuonetsa chinthu chimene Oliver sanachiiwale. Ukang'amba gulugufe wamphongo n'kuchotsa kathumba kake ka mbewu, ukakaika m'kambale mumdima, kamakhalabe ndi moyo. Tsiku lililonse cha m'ma folo koloko, maselo otchinga pakhomo pa kathumbako amapatukana, mbewu n'kutsika, kenako n'kutsekanso. Mutu palibe, maso palibe, koma nthawi sikaiphonya.

"Ndani akukauza nthawi, Oliver? Usalole mtundu uwu uthe tisanadziwe," anatero adokotala ali kale mafupa okhaokha.

Koma mtunduwo unali kutha. Mapesi aawisi ankasowa chifukwa cha chilala, ndipo mbozi zinafa botolo ndi botolo. Panatsala amphongo atatu ndi chikwa chimodzi chosaswa. Chikatuluka chachikazi, mtundu upitirira.

"Batate ba Elina, banzanu bagulitsa makala pa msewu, imwe muli busy kulera tudoyo," anatero mkazi wake Philomena, akupukuta m'manja. "Ba landlord bakamba ati ni vamankhwala."

"Ni va ba Doctor."

"Ba Doctor bali ku manda ku Leopards Hill. Sibafunsa."

Oliver wotchi yake anaigulitsa kalekale, komabe folo koloko ikamakwana ankaidziwa. Msana unkazizira, zala zinkayamba kufunafuna kampeni kong'ambira, ndipo kumbuyo kwake ankamva kupuma kwa munthu woweramira paphewa pake, monga adokotala ankachitira. Sankacheuka.

Lachinayi masana, akalipentala apafupi atasiya kukhoma, chikwacho chinang'ambika. Kanatuluka kanthu konyowa, kopindika mapiko. Oliver anadikira kuti kaume, nakatengera pakhomo pomwe panali kuwala. Anayang'ana nyanga zake, anayang'ana kumimba. Anabwerezanso kawiri.

Kanali kamphongo.

Anakaika m'botolo pamodzi ndi anzake atatu aja, natseka ndi kansalu. Anakhala pansi, msana kukhomo.

"Pepani, bwana," ananena motsitsa. "Nayesa."

Philomena, amene ankalowa ndi ndowa ya madzi, anaima pakhomo. Anayang'ana mwamuna wake, kenako malo opanda munthu kumbuyo kwake. Anatula ndowayo pang'onopang'ono kuti isalire, nabwerera panja kukauza ana kuti asalowe.