Belu la Ana Aang'ono

Kachete anabweranso kuchokera kusukulu yunifolomu itanyowa. Mayi ake, atelala a pakhonde, anaimitsa makina n'kupumira m'mwamba. "Mwana wamkulu ngati iwe, kumadzikodzera? Vula ndichape. Sopo sindimatola pamsewu ine." Mwanayo anangovula mwakachetechete. Dzina limenelo sanamupatse mwangozi.

Aphunzitsi a kalasi yoyamba anali ndi tabuleti yojambulira mawu komanso gulu la makolo pafoni. Pakakhala nkhani yofunika kugamula, ankafunsa pagulupo, kholo ndi mwana n'kujambula mawu awo limodzi. Mawuwo ankawamvetsera m'kalasi, kenako n'kupita nawo kwa ahedi. Sabata imeneyo funso linali lakuti: kodi ana aang'ono akhale ndi belu lawolawo la buleki, azituluka akuluakulu asanatuluke?

Oyamba kuyankha anali amake mapasa, a nyumba yoyandikana. Nthawi zonse iwowo. Mapasawo anavomereza za belulo, akulankhula ngati owerenga nkhani pawailesi, aphunzitsi n'kuthokoza, makolo ena n'kumatumiza timanja towomba.

Atelala mtima unawawawa. "Mwamva mlamu?" anatero kwa mlamu wawo amene anabwera kudzachepetsa siketi. "Sukulu yonse ikuyendera mutu wa mayi mmodzi. Foni yatsopano ija yawameretsa mapiko. Mawa mudzamva kuti ndi apampando a komiti ya sukulu."

"Ndiye inu mukungoyang'ana?" anatero mlamuyo, mapini ali m'chiuno. "Akati kumanja, inu kumanzere. Muuzenso anzanu aja."

Atelala anatenga foni yawo yong'aluka galasi. "Kachete, bwera kuno. Unene kuti belu limodzi likukwanira."

"Koma amayi..."

"Koma chiyani? Madiresi a eni ake akundidikira. Nena!"

Ananena, mawu ngati udzudzu. Atelala anaimbiranso amayi ena amene amawasokera. Otsutsa anachuluka, ahedi n'kugamula kuti belu likhala limodzi. Tsiku limenelo atelala anasoka akuimba.

Koma yunifolomu inapitiriza kunyowa. Botolo la madzi linayamba kubwerera lodzaza. Kenako Kachete anayamba kulira pokodza, n'kunena kuti kusukulu sapitanso.

Atelala anafika m'kalasi tepi yoyezera ili m'khosi. "Aphunzitsi, mwana wanga simukumuona. Maso anu ali pa mapasa basi."

Aphunzitsi anawakokera kampando ka ana, poti mpando wina munalibe. "Khalani mayi. Ana ena pagulu salankhula, ndiye ndimawapatsa tabuleti pakona apo kuti anene okha chimene chikuwavuta. Kachete anandilola kuti inu mumve."

Anadina tabuleti ija. Kunamveka mawu aang'ono aja: "Belu likalira akuluakulu amathamanga. Amatikankha pakhomo la chimbudzi. Ine ndimadikira, ndimadikira, ndiye belu limaliranso."

"Funso lija linachokera pamenepa," anatero aphunzitsi. "Mapasa anangovomereza. Dzina sindinatchule pagulu kuopa kumuchititsa manyazi. Nditamumva akutsutsa ganizo lake lomwe, ndinakuimbirani."

Atelala anayang'ana pansi. Tsiku limenelo foniyo anaiona ikulira, n'kuisiya dala.

"Ife timafuna mawu a mwana, mayi, osati mawu anu m'kamwa mwa mwana. Lero lomwe mupite naye kuchipatala, kulira pokodza si kozengereza nako. Za belu, ahedi angazionenso ngati kholo litapempha, ena n'kuikira kumbuyo."

Pobwera kuchipatala, atelala anakhala pakhonde, Kachete ali pambali. Anakankhira nsalu uko n'kudina foni. "Makolo anzanga, ndine telala. Ndinatsutsa belu la ana aang'ono ndisanafunse mwana wanga. Tsopano ndamufunsa. Ndikupempha tiionenso nkhaniyi. Amene ndinakuimbirani aja, funsani ana anu."

Foni inalira nthawi yomweyo. Woyamba kuikira kumbuyo? Amake mapasa. Nthawi zonse iwowo. Atelala anatsonya, n'kuwatumizira timanja towomba, chala chikulemera ngati mwala.

Belu lachiwiri litayamba kulira pasukulupo, Kachete anabwera tsiku lina n'kuponya botolo lopanda kanthu pa makina.

"Chotsa apo, nsalu ya eni ake iyi," anatero mayi ake. Kenako anagwira siketi ya yunifolomu. Inali youma.

Phunziro: Sukulu ikafunsa maganizo, yambani mwafunsa mwana wanu ndipo mumulole amalize kulankhula. Ukatsutsa chifukwa chakuti wanena ndi mnzako, amene amanyowa ndi mwana wako yemwe.