Kutsanzika kwa Mayi Aida

Bungwe la Tisamalane linayamba ndi anthu odzipereka odzaza tchalitchi, koma pofika mu 2004 otsalawo ankakwana pa mkeka umodzi. Ntchito yawo inali yoyendera odwala m'makomo a m'chigwa cha Bwanje: kuwasambitsa, kuwatungira madzi, kuwatembenuza kuti mphasa isawadye msana. Malipiro kunalibe. Kunali njinga, beseni, sopo ndi chitenje cha bungwe, basi. Ena anathawira ku mabungwe opereka alawansi, ena unawameza mpunga wa mu sikimu ya ulimi wothirira, ndipo ena, tinene zoona, anadwala nawonso n'kugona pa mphasa zomwezo.

Woyang'anira odziperekawo anali Veronica, mkazi wa lilime lotsekemera, woti akakupempha chinthu umavomera usanamve n'komwe kuti n'chiyani. Sanali woipa mtima ayi. Kungoti ku semina anamuphunzitsa kuti wodzipereka akanena zosiya, usamulole msanga, uzikokera nthawi mpaka mtima wake ubwerere. Iye phunzirolo analimeza lonse ndi minga yomwe.

Tsiku lina m'mawa kunabwera mayi Aida. Anali mayi wamasiye amene anadwazika mwamuna wawo atabwerako ku migodi ya ku Joni ndi chifuwa, ndipo ntchito ya odwala anaiphunzirira pamenepo. Anatsamiritsa njinga pa khoma, nagwada pakhomo la ofesi ngakhale Veronica anali wa msinkhu wa mwana wawo. Anali ataonda, chitenje chikuzungulira kawiri.

"Ndabwera kudzatsanzika, mwanangu," anatero. "Thupi lakana."

Kwathu kuno munthu wa mwambo akatsanzika sachoka mpaka mwini khomo atamuyankha kuti pitani bwino. Ana a masiku ano amangoponya mawuwo ali kale pa njinga, koma mayi Aida sanali mwana wa masiku ano. Anakhala chogwada, akudikira.

Veronica anaseka kuseka kwake kokoma kuja. "Ayi, mayi, lero sindikuyankhani. Nanga bambo Elson aziwasambitsa ndani? Ndidzakuyankhani ndikapeza wolowa m'malo mwanu."

Mayi Aida anadzuka. "Chabwino, ndidikira," anatero, nakwera njinga yawo.

Sabata yotsatira Veronica anapita ku Lilongwe, ku semina ina ya momwe ungasungire odzipereka. Ali komweko mayi Aida anamwalira, ndipo uthenga unamupeza maliro ataikidwa kale. Atabwerako anakapepesa kwa mwana wawo Emma, analira misozi yeniyeni, kenako anatenga njinga, beseni ndi chitenje n'kukazikiyira m'kachipinda ka ku ofesi, kuti zidikire munthu watsopano.

Munthu watsopanoyo ndiye anavuta kupezeka. Veronica akatchula mudzi wa bambo Elson, anthu ankayang'ana pansi. Mayi wina anamuyankha mosabisa kuti, "Kumeneko kuli kale munthu," ndipo anakana kuwonjezera liwu.

Nako kukachipinda kuja zinthu sizinali bwino. Kiyi anali mmodzi, ankagona m'chikwama cha Veronica, koma akatsekula ankapeza matayala a njinga ali ndi matope akuda a m'minda ya mpunga, osauma. Sopo ankachepa. Chitenje anachisiya chopinda, koma ankachipeza chitayanikidwa pa chitsulo cha njinga, chili chinyontho. Anayesa kunamizira makoswe, koma khoswe sayanika chitenje.

Mantha atamukwana, anaganiza zokaona yekha. Anafika kwa bambo Elson dzuwa lili paliwombo, chigwa chonse chikuwira, ngakhale nkhuku zitabisala. Bambo Elson anali nkhalamba ya ku migodi nawonso, miyendo yakufa, abale awo ongosiya chakudya pakhomo n'kuthawa. Veronica ankayembekeza fungo la munthu wotayidwa, koma anamva fungo la sopo. Mkuluyo anali woyera, ndevu zometa, mtsuko wodzaza mpaka m'kamwa.

"Akukuthandizani ndani, bambo?" anafunsa.

"Mwaiwala amene munanditumizira?" anayankha bambo Elson. "Salumpha tsiku."

"Mayi Aida anatisiya, bambo."

"Ndinamva, mwanangu. Belu la maliro linandipeza pompano. Koma mawa lake anabwera. Sayankhula nane zambiri. Manja awo ndi ozizira, ndipo ndi kutentha kunoku sindidandaula. Chondipweteka n'chakuti atopa. Ndimamva mmene amakokera mapazi. Akamaliza ntchito amagwada pakhomo apo, ngati munthu amene akudikira kanthu."

Veronica anatembenuka. Pakhomo panali posesa bwino, ndipo pa fumbilo panali timaenje tiwiri ta mawondo. Anadziwa chimene chinkadikiridwacho, ndipo anachinena: "Pitani bwino, mayi."

Palibe chinasintha. Mphepo sinawombe, timaenje tija tinali pompo.

"Mawu opanda munthu sawalandira," anatero bambo Elson. "Munawauza kuti mudzawayankha mukapeza wolowa m'malo. Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane."

Kuyambira pamenepo Veronica anasaka munthu ngati wosaka mankhwala a mwana. Anakalankhula m'matchalitchi, anakwera mpaka ku Nsipe, anatsika mpaka ku Manjawira tsiku la msika. Analonjeza njinga yatsopano, analonjeza maphunziro ndi satifiketi, zonse zimene semina inati zimakopa anthu. Koma mbiri inkayenda patsogolo pake. Anthu ankati bungwe la Tisamalane ukalowa sutuluka, ngakhale imfa sikutulutsa. Lilime lotsekemera lija linasukuluka, ndipo ochepa otsala aja anayamba kubweza mabeseni, osatsanzika n'komwe. Ndani akanawadzudzula?

Kenako kunabwera Emma. Sanagwade, sanakhale pansi.

"Dothi la pa manda a amayi silikuuma," anatero. "Pa ena onse oikidwa pambuyo pawo udzu wamera. Amayi anga anatumikira anthu moyo wawo wonse, achemwali. Asiyeni agone."

Veronica anafuna kunena kuti nanga bwanji iweyo osalowa m'malo mwawo. Mawuwo anafika pa lilime, chifukwa chizolowezi sichifa msanga, koma anachita manyazi nawameza. Emma atachoka, iye anatsekula kachipinda kaja, anamanga chitenje chachinyonthocho m'chiuno, natulutsa njinga.

Njira ya kwa bambo Elson ndi yachidikha, koma njingayo inkalemera ngati akukwera phiri. Tayala lakumbuyo linkamira mu mchenga monga limachitira ukanyamula munthu pa keliyala. Kumsana kwake kunkazizira, pamene nkhope inali kuchucha thukuta. Sanacheuke. Anangoti chapansipansi, "Gwirani bwino, mayi, tatsala pang'ono."

Atafika anatunga madzi, anathira mu beseni, nagwada pambali pa mphasa. Ntchito imene anatumako anthu zaka zonsezi anali asanaigwirepo ndi manja ake. Anaigwira mopunduka, sopo analowa m'maso mwa mkuluyo, ndipo powatembenuza anatsala pang'ono kuwagwetsa. Koma anamaliza. Kenako anayang'ana pakhomo, pamene timaenje ta mawondo tinali titazama kuposa kale.

"Mayi Aida," anatero, "wolowa m'malo ndamupeza. Ndine ndemwe. Pepani, ndakuchedwetsani. Pitani bwino."

Kenako m'mbali mwa timaenje tija fumbi linayamba kugumukira mkati pang'onopang'ono, monga limachitira munthu akamadzuka movutikira. Belu la njinga linalira kamodzi, lokha. Udzu wa m'njira ya kumanda unapendama, n'kudzukanso.

Veronica analira, ndipo kulira kwake kunali kwa mpumulo. Koma bambo Elson sanasangalale naye. Anapendeketsa mutu ngati akumvetsera munthu amene akulankhula ali kale patali.

"Apita," anatero. "Akuti zikomo. Koma akudandaula za inu."

"Za ine bwanji, bambo?"

"Akuti iwo anali ndi khomo logwadapo. Nanga inu ndinu mwini khomo. Tsiku limene thupi lidzakane, mudzatsanzika kwa yani?"

Veronica anayang'ana chigwa chonse, minda ya mpunga ikunyezimira m'dzuwa, m'njira mopanda munthu ngakhale mmodzi wobwera. Chitenje chija chinali chitauma gwa m'chiuno mwake.

"Mawa mubwere molawirira, mwanangu," anatero bambo Elson akudzifunda. "Kuseri kwa mtsinje kuli odwala ena. Iwo aja ankawafikira onsewo."