Mafuta a Mbewa Zoyera

Pa positu ya zaumoyo ya kwathu, kufupi ndi Malowera, ntchito yanga inali yosesa, kutunga madzi ndi kuwiritsa masingano. Koma kumudzi ankanditchula kuti dotolo Teodoro, ndipo ine sindinawakonzepo. Ndinali nditafika kalasi yachinayi ya Chipwitikizi, ndiye ndinkayenda ngati munthu wodziwa zonse za m'thupi.

Chinali chaka cha 1985, mvula itangotha, pamene mkazi wanga Zeferina anapeza kachotupa m'bere lake lamanzere, kolimba ngati njere ya nsawawa. Namwino wathu, mayi Carlota, anakagwira nthawi yaitali. Kenako analemba giya, kalata yolola munthu kuyenda, yopita ku chipatala chachikulu ku Tete. Anati koluna, mdipiti wa magalimoto woperekezedwa ndi asilikali, inyamuka patatha masiku anayi, ndipo ine ndimuperekeze. Anatinso mwina bere lidzachotsedwa, koma kachotupako kanali kadakali kakang'ono.

Ndinachita mantha, ndinene zoona. Msewu umenewo unali utadya anthu, ena ndi mabomba okwirira, ena ndi zipolopolo za m'tchire. Koma panali china choipa kuposa pamenepo. Ndinali nditamva mmene amuna amasekera pa mowa za mayi wina amene anabwera kuchokera ku Tete pachifuwa pali mbali imodzi. Ine ndemwe ndinaseka nawo tsikulo. Dotolo wa m'mudzi akhale ndi mkazi wotero?

Miyezi ingapo m'mbuyomo tinali titalandira mabokosi a thandizo, muli mabotolo a mafuta a nsomba opatsa ana owonda. Mabotolowo anawakulunga m'masamba a magazini ya Chipwitikizi, ndipo tsamba lina linali ndi chithunzi cha mbewa zoyera. Linkanena kuti kunja akatswiri anadyetsa mbewa mafuta a nsomba, chitetezo cha m'thupi mwake chinasintha, ndipo zambiri sizinatupe mawere. Tinaliwerenga limodzi ndi mayi Carlota. Iwo anaika chala pa mzere wina n'kundionetsa kuti mbewazo zinayamba kumwa mafuta zisanadwale, ndiponso kuti mbewa si munthu. Ndinamva bwinobwino.

Tsono ndinatenga mabotolo awiri ndi tsamba lija n'kupita nazo kunyumba. Zeferina ndinamupeza akupeta mapira, mwana wathu Quitéria akumuthandiza kutola miyala. Ataona chithunzicho anaseka mpaka kugwira m'mimba, amvekere ife mbewa timazikumba ndi khasu n'kuziwamba, koma azungu akuzimwetsa mankhwala ndi supuni. Ndinamuwerengera mokweza, ndikukometsa mawu monga amachitira a pa wailesi. Iye sankadziwa kuwerenga. Atasiya kuseka anaika lichero pansi.

"Bambo a Quitéria, mbewazo zinali zitatupa kale ngati ine?"

"Zinali zitatupa," ndinatero. "Zinachira zonse."

Anandiyang'ana pang'ono, kenako anati ngati ndi choncho palibe chifukwa chokafera pamsewu. Giya anaisomeka ku denga. Koluna inanyamuka popanda ife, ndipo inakafika ku Tete osaomberedwa ngakhale kamodzi. Yotsatira ndi imene inatenthedwa, ndipo kuyambira pamenepo palibe galimoto inabweranso.

Zeferina ankamwa supuni m'mawa, supuni madzulo, atatsina mphuno. Nyumba yonse inkanunkha ngati chiguduli cha wogulitsa nsomba, amphaka a m'mudzi monse anatizolowera. Anthu ankandiyamikira kuti ndikusamala mkazi. Ine ndinkangovomera ndi mutu. Kachotupa kaja kanakula ngati dzira la nkhuku, kenako pansi pa khwapa panatulukanso kena. Tsiku lililonse ndinkamuuza kuti mankhwala amayamba kaye atupitsa asanaphwetse, bodza limene ndinkalipeka ndili panjira yochokera ku ntchito.

Mayi Carlota anali atandifunsa kale chifukwa chimene sitinakwerere koluna. Ndinawayankha kuti mkazi wanga wakana, ndi wamakani, ndalephera naye. Anapukusa mutu n'kundimvera chisoni, ineyo.

Tsiku lina masana, nyengo yotentha itayamba, anangotulukira pakhomo pathu ndi njinga yawo. Zeferina anali atagona pamphasa pansi pa msawu, mkono wamanzere utatupa. Namwinoyo anamuona, anamanga bala limene linali litatuluka pabere, kenako mtima unawapsa. Anamukalipira kuti wataya moyo wake ndi manja ake, pomwe ali ndi mwamuna wodziwa zachipatala amene anamuchonderera kuti apite. Ataona botolo pambali pa mphasa analinyamula, n'kunena kuti awa sangachize chotupa, ngakhale mbewa zolembedwa zija zinamwa zili zabwinobwino, ndipo Teodoro akudziwa chifukwa anawerenga limodzi.

Ndinali chiimire pafupi ndi nkhokwe, manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu. Zeferina anatembenuza mutu n'kundiyang'ana. Anadikira. Anandipatsa mpata wokwanira woti ndilankhule, ndipo ndinautaya ndikuyang'ana zala za kuphazi kwanga. 

"Mukunena zoona, mayi," anatero Zeferina. "Ndinaopa njira ndine. Iwo anayesetsa."

Mayi Carlota anasiya mapiritsi anayi a ululu, omwe anatsala pa positu yonse, n'kukankha njinga yawo. Pondidutsa anandigwira paphewa kuti ndilimbe mtima. Ndikanakonda akanandimenya.

Tinatsala awiri, Quitéria atapita kumtsinje. Ndinagwada pambali pa mphasa, ndikufunafuna poyambira. Ndinayembekeza kuti anditukwana kapena aitana abale ake. Iye anangokankhira botolo kwa ine ndi dzanja lake labwinolo.

"Musandipatsenso, andikwana," anatero motsitsa mawu. "Muzimupatsa Quitéria. Iye sanadwale."

Zeferina anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Pa maliro alongo ake anaimirira n'kundithokoza pamaso pa anthu onse chifukwa chopirira ndi mkazi wosamva, ndipo ine ndinalandira dzanja lawo.