Theka la a Zikhalo

Elena anafika ku Kasina chifunga chitangochoka m'mapiri, buku lake la digiri yachiwiri lili m'jumbo. Anapeza a Zikhalo ali kudimba, akuthirira kabichi. Bambowa anaphunzitsa masamu ku yunivesite mpaka imvi mbuu, ndipo ngakhale anali atapuma, dzina lawo linkafunikabe. Popanda iwo kusaina kuti bukulo lili bwino, Elena sakanamaliza maphunziro chaka chimenecho.

Bukulo linali la zinthu zimene akatswiri amazitcha mamanifodi. Dzina lisakuopseni. Ndi malo opindika ngati mpira, amene ukayang'ana kachigawo kakang'ono amaoneka osalala ngati tebulo. Pa kachigawo kalikonse amaikapo nambala yotchedwa z, ya miyendo iwiri, x ndi y. Lamulo loyezera utali pamenepo ndiye metiriki, ndipo metirikiyo amailowetsa m'lamulo lina lopezera kukula kwa malo. Basi.

Vuto linali ili. Mutu woyamba Elena anaulemba ali m'manja mwa a Zikhalo, amene polemba lamulo la kukula kwa malo amaika theka kutsogolo. Iwo atapuma Elena anatengedwa ndi mphunzitsi wina, a Gerevazio, amene thekalo salemba. Anthu awiriwa sankamwerana madzi. Aliyense ankadula kalembedwe ka mnzake ndi cholembera chofiira, ndipo Elena, mwana waulemu, anasiya mutu uliwonse momwe mwiniwake anaufunira. Kumapeto anatenga metiriki ya m'mutu woyamba n'kuilowetsa m'lamulo la a Gerevazio, mayankho onse n'kutuluka owirikiza kawiri. Buku limodzi silikanatha kuyenda ndi kalembedwe ka mitundu iwiri. Mitu yambiri inali ya a Gerevazio, choncho chofufuta chinali chodziwikiratu.

Atapatsana moni, Elena ananjuta n'kunena zimene anadzera.

“Aphunzitsi, ndapeza cholakwa m'buku muja. Ndachikonza, koma theka lanu ndalichotsa.”

A Zikhalo anatula khenu pansi.

“Wati chiyani iwe?”

“Ndalichotsa ponse, bambo.”

“Wakutuma Gerevazio?”

“Sakudziwa n'komwe kuti ndabwera kuno.”

“Munthu uja ndi waulesi, akuopa kulemba kambiri. Theka limeneli ndinalilandira kwa amene anandiphunzitsa, iwe usanabadwe. Lero ukuti walichotsa ngati nthata! Ndiye wabwera kuti ndisaine maliro anga?”

Panjira Elena anali atakonza mawu ambiri opepesa, koma anaona kuti kupepesa n'komwe kunamufikitsa apa. Anatola kamtengo.

“Bambo, tiyese pa mpira. Likakhala bodza, buku ndibwerera nalo.”

Mpira ndiye manifodi yosavuta kuposa onse amene amapindika, ndipo aliyense wa masamu amadziwa kuti kukula kwa khungu lake, utali wochokera pakati ukakhala umodzi, ndi 4π. Elena anasalaza dothi lonyowa pakati pa mabedi a kabichi n'kuyamba kulemba. Choyamba anawerengera mwa a Zikhalo, theka lili kutsogolo. Zinatuluka 4π.

“Waona?” anatero a Zikhalo. “Langa silinama.”

Kenako Elena anasakaniza monga zinalili m'buku lakale. Zinatuluka 8π.

“Mpira wako watupa,” anatero a Zikhalo, akuseka pang'ono. “Ameneyo ndiye Gerevazio.”

“Ayi bambo, ameneyu ndine. Ndinkafuna nonse mukondwe.”

Pamene analemba kachitatu, mwa a Gerevazio okha, mkulu uja anagwada mawondo akulira, n'kuvala magalasi. Anatsatira mzere uliwonse ndi chala chamatope. Pakati pa ntchito anamugwira dzanja.

“Taima. Apa, pamene ukutanthauza metiriki, wagawa pawiri.”

“Inde, apo ayi siziyenda.”

“Ndiye thekalo silinachoke! Walibisa m'kati mwa metiriki. Gerevazio zaka zonsezi akudya theka langa mobisa, pamsonkhano n'kumati n'lachikale.”

Elena anamaliza mzere wotsiriza, zinatuluka 4π.

A Zikhalo anayang'anitsitsa mayankho atatu aja padothi. Nkhuku inadutsa n'kupalasa yankho loyamba lija, iwo osaiingitsa.

“Kalembedweka n'koipa,” anatero. “Koma n'koona. Bweretsa bukulo.”

Anasamba m'manja m'khenu, napukutira pa buluku. Anatsegula tsamba loyamba, koma cholembera anangochigwira.

“Ndisaina ukalonjeza chimodzi. Apa, zina zonse zisanayambe, ulembe kuti m'buku muno theka lili m'kati mwa metiriki, ndipo amene amaliika kutsogolo akhoza kupeza mayankho omwewa. Wowerenga asasochere monga unasochera iwe.”

“A Gerevazio akaona adzati ndakutsatani inu.”

“Akatero, mutengere kamtengo umulembere pansi ngati wachitira ine. Kapena iye umamuopa kuposa ine?”

Elena analemba chiganizocho pompo, buku atalitsamiza pabondo. A Zikhalo anachiwerenga, nasaina, tsambalo n'kuda pang'ono ndi dothi. Kenako anadula kabichi wamkulu n'kumuponyera m'jumbo, pamwamba pa bukulo.

“Ukapatse mayi ako ku Bembeke. Wathunthu, osati theka. Tsopano choka pabedi langa, wandipondera mbande.”