Katundu wa ku Joni

"Iwe mtsikana, wabwera kudzagula nyemba kapena kudzayendetsa ndege?" anakuwa a Gausi ataima pamthunzi wa phiko.

Atikonda, amene anali atawayeza kale anthu pa sikelo yoponda, anakoleka thumba lomaliza pa sikelo imene anabwereka kwa venda wa soya kumsika wa Mzimba, nadikira kuti muvi ukhazikike. Analemba nambala papepala, nawonkhetsa, kenako anabwerezanso. Yankho silinasinthe. Kandege ka mipando inayi kameneko kanali katapyola muyezo wake ndi makilogalamu makumi asanu ndi atatu.

Nthawi inali itadutsa hafu pasiti teni, ndipo dzuwa la Okutobala linali litayamba kale kuotcha paliwombo. Utsi wa moto wolusa m'nkhalango za Viphya unali utaphimba mapiri a kum'mawa. Kumapeto kwa bwalo la ndege kunali mzere wa mitengo ya bulugama, ndipo maso a Atikonda ankangobwerera kumeneko.

Ili linali tsiku lake loyamba kuuluka ndi anthu iye yekha ngati woyendetsa. Kuti alifikire tsikuli, bambo ake, a Stewart Kambalame, amene anachoka kwawo ku Dedza ali mnyamata kudzagwira ntchito ya macheka ku Luwawa, anagulitsa munda wa mitengo ya paini umene anabzala kuti udzawadyetse paukalamba. Sukulu zophunzitsa kuyendetsa ndege zinali ziwiri. Ina inali ya zithunzi zonyezimira, yolonjeza laisensi m'miyezi khumi ndi ntchito pamwamba pake. Atikonda anafufuza manambala a anthu asanu ndi awiri amene anaphunzira kumeneko nawaimbira mmodzimmodzi. Asanu ndi mmodzi anali pakhomo opanda ntchito, winayo akugulitsa mafoni. Anasankha sukulu inayo, yaing'ono, ya m'dziko loyandikana nalo, ya ndege zakale ndi aphunzitsi osaseka ndi munthu. Anatha zaka ziwiri.

Atabwera ndi laisensi ndi maola mazana awiri ouluka, kampani iliyonse inamuuza zofanana: adzabwere akakwanitsa maola mazana asanu. Koma maolawo akanawapeza kuti popanda ntchito? Kwa chaka ndi theka anaphunzitsa masamu pasukulu ina yapulaiveti pa boma, ndipo oitanira minibasi padepoti ankamutchula kuti Kaputeni Wapansi. Kenako woyendetsa ndege ya a Thomson Gausi, wamalonda wodziwika m'bomalo, anapeza ntchito kukampani yaikulu. A Gausi atamulemba Atikonda m'malo mwake, woyendetsayo anauluka naye masabata awiri kumuzoloweretsa ndegeyo, n'kumapita.

"Bwana, ndege yalemera," anatero Atikonda atafika pafupi ndi a Gausi, motsitsa mawu. "China chake chitsale."

"Chitsale? Ukudziwa amene wapanga hayala ndegeyi?"

Ankadziwa. Anali a Wilson Jere, ogulitsa matabwa a ku Manyamula, amene anaima chapatali akuyang'ana wotchi. Iwo ndi akazi awo, aNyaMoyo, ankathamangira ndege ya ku Joni yonyamuka ku Lilongwe masana omwewo. Mwana wawo Christobel anali atachira mwana woyamba kumeneko, pampeni, ndipo anali asanatuluke m'chipatala. Matumbawo anali a iyeyo: nyemba, mtedza, ufa wa mawere, usipa. Wachitatu paulendowo anali mng'ono wa a Jere, Amon, amene anali atakhala kale pampando wakutsogolo, atavala magalasi akuda, akudzijambula pafoni.

"Lloyd ankanyamula zoposa apa," anatero a Gausi, kunena woyendetsa wakale uja. "Sindinamuonepo ndi sikelo ya mavenda."

"Mwina ankanyamuka m'mamawa kukuzizira. Kuno n'kumtunda, bwana, ndipo kwatentha. Mpweya wapepuka, mapiko sagwira msanga. Bwaloli litithera tisanadzuke."

"Mbwenu pungula mafuta."

"Ndapungula kale. Otsalawo ndi otifikitsa, ndi ena oti tizungulire tikapeza utsi watseka njira. Sindingachotsenso."

A Gausi anavula chipewa, napukuta dazi lawo ndi kansalu. Anayang'ana kumpanda kumene kunali khwimbi la anthu: amayi a madengu pamutu, akabaza atatsamira njinga zawo, ana a sukulu othawa m'kalasi. Mbiri inali itamveka kuti lero mkazi aulutsa ndege. Pakati pa anthuwo panali a Kambalame, atavala jekete ya kutchalitchi, atalawirira pa lole ya matabwa kuchokera ku Luwawa.

"Tamvera, mwana wanga," anatero a Gausi, mawu atafewa mochititsa mantha. "Anyamata a laisensi ngati yakoyo ndili nawo asanu ndi mmodzi mufoni muno. Ena akuti adzauluka ulere, bola maola. Ndinakusankha iwe chifukwa ndiwe wa kuno. Kwa eni kulibe mkuwe. Kwera, tiye."

Atikonda anayang'ananso papepala paja ngati manambala angamumvere chisoni. Mumtima mwake munabwera maganizo oti mwina ndegeyo ikhoza kudzuka ndithu. Mwina kamphepo kakanawomba kuchokera kutsogolo. Akanangodutsa mitengo ija, palibe akanadziwa kanthu, ndipo mawa akanakhala ali pantchito. Anayang'ana kansalu kosonyeza mphepo pamtengo wake. Kanali lende, ngati sokosi yonyowa.

"Chavuta n'chiyani kodi?" A Jere anali atafika, nkhope itachita tsinya. "A Gausi, munati ola limodzi tili ku Lilongwe. Pagalimoto tikanakhala titanyamuka mbandakucha. Pano ngakhale titathamanga bwanji sitingaipeze ndege ija."

"Palibe vuto, adada. Mtsikanayu wangogwidwa ndi kamantha ka tsiku loyamba."

"Si mantha," anatero Atikonda, ndipo anadabwa kumva mawu ake akutuluka mokweza chotero. "Adada, ndegeyi yapyola muyezo ndi makilogalamu makumi asanu ndi atatu. Tikanyamuka chonchi, sindikulonjeza kuti tidutsa mitengo iyo. Matumba anayi atsale, abwere pabasi."

"Abwere pabasi kukatipeza ku Joni?" anaseka a Jere mopanda chimwemwe. "Ine ndalipira ndege yonse. Yonse! A Gausi, mulibe dalaivala wamwamuna?"

Amon anasuzumira pakhomo la ndege. "Achimwene, lole yanga imalembedwa matani seveni, koma ndimaikamo teni, ndipo imakwera Chikangawa bwinobwino. Asisi, mungoponda kwambiri basi!"

Akabaza ena amene anali atayandikira anaseka.

"Lole ikalephera phiri mumaika mwala kutayala," anayankha Atikonda. "Kumwamba kulibe poika mwala."

Kusekako kunatha. A Gausi anamugwira pamkono namukokera pambali.

"Ukundichititsa manyazi pamaso pa kasitomala. Ndikufunsa komaliza. Uuluka kapena suuluka?"

Atikonda anayang'ana kumpanda. Bambo ake anamukwezera dzanja, akumwetulira, osadziwa chimene chinkachitika. Atikonda anatulutsa kiyi wa ndege m'thumba namuika pachikhatho, poonekera.

"Ndi katundu yenseyu, sindiuluka."

Kenako kunamveka mawu a munthu amene anali asanalankhulepo chifikire.

"Mwana wanga, wati makilogalamu angati?"

Anali aNyaMoyo. Nthawi yonseyi anali atakhala pa sutukesi, atafunda chitenje kumutu chifukwa cha dzuwa. Anadzuka pang'onopang'ono, nadza kudzaima pamaso pa Atikonda.

"Makumi asanu ndi atatu, amama."

"Nanga alamu angawa, pamene unatikweza pa sikelo yako yoponda ija, analemera bwanji?"

Atikonda anayang'ana papepala. "Makumi asanu ndi atatu, kudza zisanu ndi chimodzi."

"Yewo chomene." ANyaMoyo anatembenukira kundege. "Alamu, tsikani."

"Ine?" Amon anavula magalasi. "Alamu, ine ndikukakuthandizani kunyamula katundu ku Lilongwe!"

"Kuli ngolo kumeneko, ndinazionapo. Inu ku Joni simukupita. Mwangofuna kuti ku Manyamula akumveni kuti munakwera ndege. Nyembazi zikukadyetsa mwana wanga amene ali ndi bala pamimba. Inu mukukadyetsa ndani?"

"NyaMoyo, ndinamulonjeza mng'ono wangayu," anayamba a Jere.

"Ine ndinalonjeza Christobel kuti ndifika wamoyo. Chakudza sichiimba ng'oma, adada. Mwanayu wanena poyera, tonse tamva ndi makutu athu. Mukafuna, tsalani inuyo, alamu akwere."

Amon anatsika. Anamenyetsa chitseko, nayenda kupita kugalimoto osacheuka, akabaza akumuwowoza. A Gausi anangomuyang'ana Atikonda nthawi yaitali, navala chipewa chawo.

Atikonda anamanga matumba ndi zingwe, nakhazika a Jere kutsogolo, aNyaMoyo kumbuyo. Anayendetsa ndege mpaka kumapeto kwenikweni kwa bwalo, mchira utatsala pang'ono kukhudza thengo, kuti asataye ngakhale phazi limodzi. Anaponda mabuleki, nakankha mphamvu yonse. Injini inabangula, ndege yonse ikunjenjemera. Anamasula mabuleki.

Inayamba mwaulesi ngati ng'ombe yokoka ngolo ya mchenga. Theka la bwalo linatha matayala akadali pansi. Mitengo ija inkakula pagalasi. A Jere anagwira m'mphepete mwa mpando, nayamba kunong'ona m'Chitumbuka. Atikonda anaumiriza manja ake kudikira. Akanakoka msanga, ndege ikanadzuka n'kukhalanso pansi. Anayang'ana muvi wa liwiro ukukwawa, ukukwawa, mpaka unafika. Anakoka pang'ono.

Phokoso la matayala linaleka. Nsonga za bulugama zinadutsa pansi pawo, pafupi kwambiri moti ankatha kuona tsamba lililonse palokha.

Ndege inadutsa Jenda. Apo m'pamene a Jere anamasula mpando, napukuta manja pa buluku.

"Amon akanakhalamo?" anafunsa osamuyang'ana.

"Sindikudziwa, adada," anayankha Atikonda. "N'chifukwa chake ndinakana."

Anatera ku Lilongwe nthawi ikadalipo. A Jere anatsogola ndi ngolo ya katundu osatsazika. ANyaMoyo anamugwira dzanja ndi manja awo awiri, namusiyira kathumba ka mtedza, n'kuthamangira amuna awo.

Akumangirira ndege, foni inalira. Anali a Gausi.

"Mwafika, ndamva. Za lero tiziiwale. Loweruka kuli ulendo wina, anthu atatu ndi katundu wawo, masana. Koma za sikelo sindikufunanso kuziona. Makasitomala anga si soya. Tamvana?"

Atikonda anatsamira phiko lotentha. Anaganiza za kalasi ya masamu, za choko m'zikhadabo, za oitanira minibasi padepoti. Anaganizanso zoti adzawauza chiyani bambo ake.

"Ndikayeza, ndiuluka, bwana. Popanda kuyeza, imbirani mmodzi wa anyamata aja."

"Ndiye kiyi umusiye kwa mlonda wa pageti," anatero a Gausi, nadula.

Atikonda anamaliza kumanga zingwe zonse zitatu, natseka zitseko, nayendera ndegeyo kuizungulira kamodzi monga anaphunzitsidwira. Anapereka kiyi kwa mlonda. Kenako anakoleka jekete paphewa, kathumba ka mtedza m'manja, nayamba kuyenda kulowera ku Lumbadzi kukadikira basi ya kumpoto. Ulendo umene anauyenda ola limodzi m'mawa uja unamutengera maola asanu ndi limodzi pobwerera.